Anati aledzera, pomwe inali shuga

Amuna anga anayamba ndi ludzu, dzinja lija tikupalira thonje. Ankamwa madzi osakhuta, kukodza pafupipafupi, thupi n'kumatha. Kukiliniki ku Sinda anawapeza ndi shuga, n'kuwapatsa insulini yodzibaya. Anesi ananenadi kuti azidya akabaya. Koma kwathu ndani amadya asanapite kumunda? Timalawirira, chakudya n'cha masana. Iwo ankangobaya n'kunyamula khasu.

Nthawi yotola thonje, anthu anawapeza m'njira akudzandira, thukuta lili kamukamu, akutukwana amayi a chigwirizano cha mpingo amene ankachokera kumaliro. Munthu woti ndi mkulu wa mpingo, mowa sanaulawepo chibadwire! Mpingo unawaimitsa ukulu ndi Mgonero, akuti kuledzera. Iwo sankakumbukira kalikonse, ndiye akanakana bwanji? Ine sindinalire. Mtima unangoti zii. Ndinkaphika, kutunga madzi, kugona.

Zinachitikanso kangapo. Anayamba kuiwala maina a adzukulu. M'mawa wina anagwa pakhomo, akuphupha ngati wakhunyu. Tinawanyamula pangolo mpaka kumsewu, kenako minibasi ya ku Katete.

Kuchipatala anawaika dilipi. Ndinkagona pansi pafupi ndi bedi, kukacha n'kutuluka kuti antchito akolope, kudikira panja ndi odwazika anzanga mpaka atiitane. Dokotala atamva za kadyedwe kathu anati, "Amayi, ubongo umayendera shuga. Akabaya osadya, shuga imatsika, munthu amakhala ngati waledzera. Zikachitika kawirikawiri, ubongo umavulala."

Abusa atabwera kudzazonda, anesi anawafotokozeranso zomwezo. Abusawo anangowerama.

Mlingo wa insulini dokotala anauchepetsa. Tsopano amuna anga amadya mbatata kapena phala asanatuluke, m'thumba simusowa maswiti, ndipo mwezi uliwonse timakayezetsa. Thupi labwerera, akulimanso. Ukulu mpingo unawabwezera. Lamlungu loyamba anawapempha kutsogolera Pemphero la Ambuye. Anayamba bwino, atafika pakati anaima. Mawu anawathawa. Mpingo ndiwo unamaliza, iwo ali chilili. Mpaka lero salimaliza okha.

Anzanga, munthu wa shuga akayamba kudzandira kapena kubwebweta, m'patseni chotsekemera ngati akutha kumeza, muthamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mlandu mudzakambe pambuyo. Ife tinayambira mlandu, ndipo mutu wa amuna anga unkawonongeka ife tikuzenga.