Chingerezi cha a Dikishonale

Pakhonde la sitolo ya nsapato, moyang'anana ndi depoti ya mabasi, panali kathebulo ka bambo wina wokonza mawotchi. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale, onse ankangoti a Dikishonale. Sukulu anailekezera panjira bambo awo atamwalira, ndipo bala limenelo silinapole. Tsiku lina sukulu ina ikutaya mabuku odyedwa ndi chiswe, iwo anatola katoni yathunthu ya nkhani zachingerezi zamakedzana, zija za mabwana oyenda pangolo za akavalo. Kuyambira pamenepo, akangochotsa kagalasi kokonzera wotchi padiso, dzanja linkathamangira buku.

Mawu amene ankatola mmenemo anali oti ngakhale eni chinenerocho anawasiya kale. Kasitomala akafunsa ngati wotchi yatheka, ankalandira yankho lalitali ngati sitima ya katundu. Anthu apadepoti ankaseka.

Akazi awo, amene ankachapa ndi kusita zovala za anthu kunyumba, sankaseka nawo. Iwowo ndi amene ankadya nacho Chingerezicho, kugona nacho, kudzuka nacho. Mchere ukachepa m'ndiwo, chidzudzulo chinkabwera m'mawu amene sanawaphunzire.

"Ngati mukunditukwana, nditukwaneni m'chiyankhulo chathu ndimve," ankatero mayiwo simbi ili m'manja.

Chaka china mayiwo anayamba kumva kupweteka m'mimba, chakumanja. Anapirira mpaka simbi inayamba kuwalemera, ndipo amuna awo anawaperekeza kuchipatala atavala jekete ndi tayi. Dokotala anali wachinyamata, wotopa, mzere panja uli mpaka kumpanda. Anawalonjera m'chiyankhulo chathu chomwechi. Koma a Dikishonale anali atadikira moyo wawo wonse munthu wophunzira woti awamve. Anatsokomola pang'ono n'kuyamba Chingerezi chawo chija.

"Adokotala, ndi apa, m'munsimu..." mayiwo anayesa kulowerera.

"Mayi, dikirani, ndikufotokoza."

Anafotokozadi. Anasankha mawu okongola aja amene m'mabuku mwawo amanenera madona olefuka ndi chisoni, ongokomoka pampando. Dokotala anamva zoti mayiwo ali ndi nkhawa ndipo sakugona. Analemba mapiritsi okhazika mtima pansi n'kuitana wotsatira. Panjira a Dikishonale ankayenda monyadira, akuti mnyamatayo wagwedeza mutu pa liwu lililonse.

Sabata isanathe, mayi woyandikana nawo nyumba anapeza akazi a Dikishonale atagwa pafupi ndi beseni, thupi likutentha ngati moto. Kathumbo kena kanali katatupa n'kuphulikira m'mimba. Anawachita opaleshoni tsiku lomwelo, ndipo anamwino ananena kuti akanachedwa pang'ono tikananena zina.

Atatsitsimuka anaona amuna awo pambali pa bedi, buku lili pamwendo. Ululu wa bala unachepa poyerekeza ndi zimene zinawira mumtima.

"Munamuuza chiyani dokotala uja?"

A Dikishonale anatchula liwu limodzi lachingerezi chapansipansi.

"Limatanthauza chiyani?"

"Chisoni chachikulu. Cha mumtima."

"Ine ndinakuuzani za mumtima? Ndinagwira pati? Mimba ndi yanga, pakamwa ndili napo, koma inu munaona kuti mkazi wanu ndi bolodi yolembapo Chingerezi. Mukanandiika m'manda, mukanalankhulanso chomwecho pamaliro kuti anthu akuombereni m'manja."

Bamboyo anatsegula pakamwa, koma m'katoni monse muja munalibe liwu lothandiza. Anangoti, "Pepani, mayi."

"Eya. Limeneli ndalimva."

Kupepesako sikunawaziziritse mtima mayiwo. Atatuluka m'chipatala analamula kuti mabuku onse achoke m'nyumba. Sanawawotche, ngakhale machesi anawagwira. A Dikishonale anawasenza okha kupita nawo kukathebulo kawo, ndipo mpaka lero ali pansi pake, okutidwa ndi pulasitiki. Akuwerengabe. Makasitomala akumvabe zawo. Koma pakhomo amalankhula mawu afupiafupi ngati mlendo, ndipo mayiwo sawamvera chisoni.

Tsiku lokachotsa ulusi pabala, bamboyo anavalanso jekete n'kuwatsatira mpaka pakhomo la dokotala. Mayiwo anatembenuka n'kuwapatsira chikwama chawo.

"Gwirani ichi, mukhale pabenchipo. Wodwala ndine."

Analowa okha n'kutseka chitseko.