Mvula ya ku Sanjala pa ukwati wa ku Nampula

Kadzidzi uja ndinali ine, ndipo sindikupepesa. Ndinajambula kulira kwake, foni n'kuibisa padenga la aneba athu ku Sanjala, dera lathu mu mzinda wa Lichinga, a Mateyu, omwe ankandinenera chilichonse kwa bambo. Banja lawo lonse linati maliro ali pafupi, mpaka linaitanitsa mapemphero. Tsoka ilo, mnzanga anaimba foniyo pemphero lili mkati, chinsinsi n'kuululika.

Bambo sanandimenye. Anangosiya kundiyankhula. Ndikawapatsa moni ankayang'ana khoma. Ndiye amalume Amosi atati akufuna mnyamata mu loja, sitolo yawo ya mafoni ku Nampula, ndinadzipereka ndekha, sukulu n'kuiimika. Mayi analira. Bambo anapitiriza kupukuta njinga.

Ntchito yanga inali kuthira nyimbo m'makadi a mafoni. Timalipiro take tinkathera sopo ndi mayunitsi, kotsalako n'kutumiza kwa mayi. Ku Nampula kukutentha ngati mu uvuni, anthu akucheza m'Chimakua, ndipo nthabwala zanga ndikazinena m'Chipwitikizi zinkafera m'kamwa. Munthu wozolowera kuseketsa kalasi yonse ndinayamba kuseka ndekha, kenako ndinasiya.

Mu kompyuta ya amalume munali nyimbo zomwe kasitomala aliyense ankazikana, zotchedwa emo. Magitala olira, anyamata a tsitsi logwera m'maso akukuwa ngati awabera mbuzi. Chingerezi chake sindinkachitola, koma ndinadziwa kuti awa nawonso kwawo sawayankhula. Ndinayesa kugwetsera tsitsi langa m'maso. Linakana, linangoima.

Kenako ndinapeza mtundu wina: piyano ikubwereza timawu tochepa tomweto, kumbuyo madzi akuyenda, osaimba munthu. Ndinati ichi nanenso ndingathe. Ndinaimbira mlongo wanga wamkulu, mana Esita.

"Ndikujambulire mvula? Dzuwa la kumeneko lakuphika mutu, eti?"

"Chonde mana. Ndi mphepo ya m'mapaini."

"Anzako amapempha nyemba."

Koma anatumiza. Ndinaikapo mawu atatu a gitala, obwerezabwereza pang'onopang'ono pamwamba pa mvula ya kwathu. Ndinkaimvera kuseri kwa loja, maso akuyabwa. Ndikafunsa za bambo, mana ankangoti, "Ali bwino." Pa foni sanabwerepo.

Nyimbo yopanda woimva imawawa kuisunga. Tsiku lina kunabwera mkulu woimba nyimbo m'maukwati, wamatama, akundiitana ndi likhweru. Ndinamuthirira zovina zonse, yangayo n'kuipatsa dzina la nyimbo yolowera akwati. Unali mwezi wa Okutobala, kumwamba kopanda kamtambo. Akwati atangoyamba kunyadira polowa, mvula inakhuthuka m'masipika. Akuti amayi ophika kuseri anathamangira kukavindikira mpunga. Mpaka lero ndimadandaula kuti sindinalipo.

Amalume sanaseke. "Iwe mwana wa mlongo wanga, longedza." M'mawa mwake ndinali m'basi.

Lichinga inandilandira ndi kuzizira kwake. M'nyimbo yanga kwathu kunali phee, koma ndinapeza njinga zamoto zikubangula msewu wonse, anzanga ena atapita ku Pemba, otsalawo ali ndi nthabwala zatsopano zomwe sindinkazimva. Mantha anga anali amodzi: khoma lija liyang'anidwanso.

Bambo anali pakhonde. Ndinawapatsa moni, chikwama chili kumsana. Iwo anangoti, "Tiimve nyimbo yobalalitsa ukwatiyo."

Ndinaiyatsa. Anaimvera yonse.

"Bwereza pakatipo." Ndinabwereza. "Ukumva to, to, to ameneyo?"

"Ndi pokoma penipeni pamenepo, bambo."

"Pokoma? Limenelo ndi denga la pabalaza likudonthera m'ndowa. Chichokereni iwe palibe wokwera pamwamba. Amayi ako amakhalira kukolopa, iwe uli uko ukuika gitala."

Mana Esita anaseka mpaka kukhala pansi. Chimene ine ndinkalirira kuseri kwa loja, kwa iwo chinali ntchito yodikira mwini wake.

Chilango changa chinali kumata denga lonse ndi phula. Bambo anagwira makwerero, akundikalipira kuyambira lata loyamba mpaka lomaliza: waulesi, wopanda mutu, manja ngati a nkhuku. Ine pamwamba mano onse panja.

Kabowo kamodzi ndakasiya dala, moyang'anizana ndi mpando wawo. Mvula ikayamba tidzakhala ndi zokambirana.