Botolo la Apongozi

Ndinkagwira ntchito pa kachipatala ka ku Usisya, masiku amene wopanda khadi la chipani sankakwera boti. Ine ndinkamata manambala pa mabotolo a mikodzo n'kupita nawo kuboma kukayezetsa.

Tsiku lina ndili m'boti funde linanyowetsa katoni ya mabotolo, timapepala tiwiri ta manambala n'kumatuka. Botolo lina linali la msodzi, a Mphande. Linalo linali la apongozi anga aakazi, omwe ngakhale kuwayang'ana kumaso sindinkayerekeza. Ndikawapemphe mkodzo wina ndi pakamwa pati? Ndinangomata mongolota.

Zotsatira zitabwera, apongozi anapatsidwa mankhwala a likodzo, a Mphande n'kuuzidwa kuti alibe vuto. Posakhalitsa msodziyo anandipeza.

"Achimwene, ngati ndili bwino, magazi ndikukodzawa ndi a ndani?"

Ndinamupatsa botolo latsopano, lina ndinatenga. Ndinakagwada chapatali pakhomo pa apongozi, mkazi wanga ali pakati pathu.

"Amayi, ndinasokoneza mabotolo. Ndikupempha wina."

Iwo anatembenukira kwa mwana wawo. "Umuuze kuti mankhwala ake anandigoneka ndi chizungulire. Ili alembe ndikuona."

Ndinalemba ndi penti, dzina lonse, iwo akuyang'ana.