Ngumbi za pa chulu cha m'malire

Inu owerenga, ndine mtsikana wa Fomu 2, ndipo sindinazolowere kuyankhula pamaso pa akuluakulu. Manyazi amenewa ndi amene anapweteka banja lathu kwathu ku Dowa.

Munda wathu unachita malire ndi esiteti ya fodya ya bwana wina wamkulu amene sindingamutchule. M'malire momwemo muli chulu chimene takhala tikugwirapo ngumbi chibadwire changa. Chaka china antchito a pa esiteti anathira mankhwala a chiswe m'chulumo. Dzinja linadutsa, lina linabwera, ngumbi n'kutulukanso. Tonse tinati mankhwala aja anasuluka.

Amene anakazigwira ndine. Zina zinatayikira pabwalo, nkhuku n'kutola. Madzulo ndinaona thadzi lathu likunjenjemera, likuzungulira pamodzimodzi mpaka kufa. Ndinafuna kunena, koma pakhonde panali alendo, abale awo a bambo. Ndinangokalitaya kudzala.

Amayi ankayamwitsa mlongo wanga Yohane, ndipo ngumbi ankazikonda chifukwa cha mafuta ake. Tinaziyanika, iwo n'kumadya tsiku ndi tsiku. Ankangodandaula mutu ndi chizungulire. Koma Yohane anayamba kukomoka, timanja take tikugwedezeka.

Azakhali anati ndi tsempho. “Tiuzeni, mlamu, mwamunayo ndani? Mwana sadwala chonchi mayi ake akudzisunga.” Bambo anawamenya amayi, mwana ali kumsana.

Kuchipatala ndi kumene ndinaulula za thadzi lija. Adokotala anati mankhwala otere satha msanga m'dothi, amakhazikika m'mafuta a chamoyo chimene chawadya, ndipo amafika mpaka mumkaka wa m'mawere. Atamva dzina la mwini esitetiyo, adokotalawo anatsitsa mawu. “Mayi, zimenezi zithere m'chipinda muno.”

Yohane anamwalira. Nditawafotokozera bambo zimene adokotala ananena, anandifunsa ngati ndikufuna kuwamangitsa. Kwa iwo tsempho linali losavuta kutchula kuposa dzina la bwana. Ananyamula katundu wawo n'kubwerera kwawo ku Ntchisi.

Chonde anzanga, pamalo pamene panathiridwa mankhwala musagwirepo ngumbi kapena kukumbapo mbewa, ngakhale papite zaka. Chiweto chikafa modabwitsa, nenani pomwepo, asanadye munthu. Ine ndinachedwa. Lero amayi anga amapita kuchitsime dzuwa lili paliwombo, nthawi imene kulibe amayi anzawo owaloza chala.