Tsiku Limene Maclean Shaba Anaimitsa Mpira

Maclean Shaba anabwerera kwawo ku Manyamula imvi zitayamba kale kumera. Anali atakhala zaka zambiri ku Lilongwe, komwe ankanyamulira mabwana zikwama za ndodo pabwalo la gofu. Anabwerako ndi njinga, wezulo, ndi khalidwe limene anthu ankamuseka nalo: kumwamba kukangogunda, ngakhale kutali, iye ankasiya khasu pamzere pomwepo n'kukalowa m'nyumba.

Mkazi wake, Linily NyaJere, ndiye ankadziwa chifukwa chake. Mnzake wa Maclean, dzina lake Tonny, anaombedwa ndi mphenzi n'kufera pansi pa mtengo pabwalo la gofu lija, chikwama cha ndodo zachitsulo chili paphewa. Lipenga lochenjeza anthu kuti achokepo linali litalira kale, koma Tonny anati ausako pang'ono mpaka mvula ikate. Woyamba kufika pamtembo anali Maclean.

Kumudzi ankalima chimanga ndi kafodya pang'ono, ndipo Lamlungu masana ankaimbira mpira. Matimu ankamufuna chifukwa sankakondera, ngakhale ataopsezedwa.

Lamlungu lina mu Januwale, timu ya pa Manyamula inakumana ndi ya ku Edingeni m'ndime yomaliza ya chikho. Anthu anadzaza bwalo la pasukulu mpaka m'tchire. NyaJere anayala mandasi ake pansi pa mkuyu waukulu, pamodzi ndi amayi anzake. Chigawo chachiwiri chitafika pakati, zigoli zikufanana, Maclean anamva mphepo yozizira m'khosi. Anacheuka. Kumadzulo, chakumalire a Zambia, kunali kutada bii. Kunang'anima, ndipo asanameze n'komwe malovu, bingu linagunda.

Nthawi yomweyo n'kuti womwetsa zigoli wa Manyamula atadutsa otseka kumbuyo onse, watsala ndi goloboyi yekha. Maclean analiza wezulo mwamphamvu, n'kukweza manja onse awiri.

Bwalo lonse linabuma.

"Wagulidwa! Lefali wagulidwa!"

Goodson Ngwira, mkulu woyang'anira timu ya Manyamula, analowa m'bwalo mitsempha ili tolotolo m'khosi. "A Shaba, mukuchita chiyani? Chigoli chathu chimene chija! Mvula sinayambe n'komwe!"

"Si mvula, a Ngwira. Ndi mphenzi. Aliyense akalowe m'makalasi, tsopano lino."

"Mantha anuwo mukachitire kunyumba kwanu!"

Madontho akuluakulu anali atayamba kugwa, ndipo Maclean anaona chimene ankachiopa: anthu akuthamangira pansi pa mkuyu. Anathamanga, mawondo ake okalamba akulira.

"Chokanipo apa! Ndapota, chokanipo! Mtengo ndiwo umaitana mphenzi!"

Anthu anangomuyang'ana. Ena anaseka. NyaJere anayang'ana nkhope ya mwamuna wake kamodzi kokha, anasenza beseni la mandasi n'kuuyamba wa kumakalasi, akukoka mayi wina wa mwana kumsana. Amayi enawo anamutsatira. Abambo ena anakakamirabe, mpaka Maclean anachita kuwakankha, mmodzi n'kumubwezera chibakera cha paphewa. Kenako kunang'anima ndi kugunda pamodzi, pansi panatekeseka, ndipo palibe anafunanso kuuzidwa.

M'kalasi munali phokoso la matalala pamalata. Maclean anayenda pakati pa anthu onyowawo akuwachotsa m'mawindo ndi pakhomo. Atafika pawindo lomaliza, anasuzumira kunja. Kugolo la kumpoto kunali munthu. Anali Tumbikani, goloboyi wa Manyamula, bambo wa ana awiri, akumasula ukonde pazitsulo za golo. Ukondewo unali wobwereka ndipo anaopa kuti ungabedwe.

"Tumbikani! Usiye! Bwera kuno!"

Mawu anamezedwa ndi mvula. Maclean anali atangoponda pakhonde pamene dziko lonse linayera mbuu. Kuphulika kwake kunamugwetsa chagada. Atadzuka, makutu akulira, anaona Tumbikani ali thapsa m'matope, pafupi ndi golo.

M'kalasi amayi anayamba kulira. Maclean anadziwa kuti pamene mphenzi yamenya ikhoza kumenyanso. NyaJere anamugwira malaya.

"A Shaba, yayi! Mukafa nanu!"

Anamuchotsa dzanja mofatsa n'kuthamanga chowerama. Anamugwira Tumbikani m'khwapa n'kuyamba kumukoka. Munthuyo anali wolemera, matope anali oterera, ndipo madzi ankayenda pabwalo ngati mtsinje. Anagwa, anadzuka, anagwanso. Kenako anamva mtolo ukupepuka. Goodson Ngwira anali atagwira miyendo.

Atamugoneka pakhonde, anthu anabwerera m'mbuyo.

"Musamukhudze, akadali ndi moto m'thupi!" anakuwa mkulu wina.

"Mulibe moto," anatero Maclean. "Tamunyamula ife, tapsa?"

Anaika khutu pakamwa pa Tumbikani. Panalibe mpweya. Tonny atamwalira, a kubwalo la gofu anaitana anamwino kudzaphunzitsa antchito onse chochita munthu akaombedwa ndi mphenzi, koma Maclean anali asanayesepo pa munthu weniweni. Anasanjikiza manja pakati pa chifuwa n'kuyamba kusindikiza, mwamphamvu, mosalekeza. Anamuuzira mpweya m'kamwa, n'kubwereranso pachifuwa. Mikono inayamba kuwawa. Thukuta linasakanikirana ndi madzi a mvula. Kumbuyo kwake wina anayambitsa nyimbo ya maliro.

"Khalani chete!" anakalipa Goodson. "Sanafe!"

Maclean sanadziwe ngati zinali zoona. Mikono italephereratu, anati, "A Ngwira, gwadani apa. Chitani monga ndimachitiramu." Goodson anagwada. Anasinthana choncho, osayang'anana.

Mwadzidzidzi Tumbikani anatsokomola, thupi lonse n'kugwedezeka. Anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi.

Mabingu atapita kutali, lole imene inabweretsa anyamata a ku Edingeni ndiyo inamutengera kuchipatala. Pakamtsinje ka m'njira madzi anali atasefukira pamlatho, akukokolola zitsa. Dalaivala anafuna kungolowamo, koma Maclean anamuletsa. Anadikira, mutu wa Tumbikani uli pamiyendo pake, iye akumulankhulitsa kuti asagone, mpaka m'mphepete mwa mlatho munaoneka.

Tumbikani anachira, koma khutu lamanzere linagontha, ndipo mpira anausiya. M'misika nkhani inayenda mitundumitundu. Ena ankati mphenzi ija inachita kutumizidwa ndi a ku Edingeni. Ena ankaumirirabe kuti lefali akanadikira pang'ono chabe, chigoli chikanalowa. Komiti ya chikho inati pofuna kupewa mikangano, masewero obwereza aimbire munthu wina wochokera ku Mzimba boma. Goodson anabwera yekha kudzanena, chipewa chili m'manja.

"Ndinakana chomene, a Shaba, koma anandiposa."

"Palibe kanthu," anatero Maclean. "Mbwenu tikaonera."

Tsikulo kumwamba kunali koyera. Maclean anakhala pabenchi m'mbali mwa bwalo. Tumbikani anabwera n'kukhala kumanzere kwake, kuti khutu labwino liloze kwa mkuluyo, ndipo awiriwo anatha masana onse akutsutsana za lefali watsopanoyo. Manyamula inagonja ndi chigoli chimodzi.