Beseni la Maliro Pachipata Pathu

Ndikukumbukira chaka chimene atate anakwezedwa kukhala kapitawo pa famu ya maluwa kufupi ndi Kasisi. Malipiro anakwera, koma kuseka kunasamuka m'nyumba mwathu. Ankafika madzulo akununkha mankhwala opopera maluwa, bwana atawakalipira tsiku lonse, ndipo ukali wonsewo ankautula pa ife. Ngakhale nkhuku zinkabalalika zikamva belu la njinga yawo. Amayi nawo ankabwera miyendo itatupa ndi kugulitsa tomato pamsewu wa ku Lusaka. Chikwama chawo chinali chitatsika kale pamwamba pa kabati, ndipo ndinkaopa kuti abwerera kwawo ku Petauke.

Lachisanu lina amayi anaika beseni la madzi pachipata, monga timachitira anthu akamachokera kumanda. Atate atafika, amayi anawatsekera njira.

"Sambani. Majombo na ovolosi zisale panja."

Atate asanatsegule pakamwa, amake Chipo, oyandikana nafe amene maliro sankawaphonya, anali ataliona beseni lija. Anatulukira atamanga chitenje kumutu, akulira mokweza, azimayi ena ali pambuyo.

"Nindani watisiya?"

"Bamuna banga," anatero amayi, nkhope ili phee. "Banafera ku famu. Aba bamabwera kuno ni ba kapitawo chabe, sinibaziba."

Ndinadikira chiphaliwali. Atate anayang'ana uku ndi uku, n'kundiona nditabisala kuseri kwa mtengo wa mapeyala, pamene ndinkathawira madzulo alionse. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka, kuseka kosakanikirana ndi misozi, navula majombo, nasamba mpaka m'zigongono. Olira aja anakana kubwerera chimanjamanja, moti malemuwo anawagulira mabanzi. Bwana wa ku famu sanasinthe, koma beseni linakhazikika pachipata, ndipo chikwama chinabwerera pakabati.

Lero ndimagwira ntchito mu ofesi ku Lusaka. Ndilibe majombo ovula; bwana wanga amalowa nane m'nyumba ali m'thumba, n'kumalira mpaka pa chakudya. Ndinalakwitsa kuwasimbira ana anga nkhaniyi. Sabata yatha ndinapeza mwana wanga wamkazi ali pakhomo ndi beseni, atatambasula dzanja.

"Ba dadi, nipaseni foni. Kapena niyitane bolira?"

Ndinaseka, koma madziwo ndinasamba.