Dzina Lobwereka

Dzina limene lili pa pasipoti yanga si langa. Ndi la mng'ono wanga, ndipo tsiku lobadwa limene lalembedwa pansi pakelo ndi lakenso. Kuchipatala kumene ndimagwira ntchito ya unamwino palibe amene akudziwa zimenezi. Kwathu ku Simlemba aliyense akudziwa, koma kumeneko si nkhani, chifukwa pafupifupi banja lililonse lili ndi munthu amene akuyenda ndi dzina la mnzake.

Mayeso a sitandade eyiti ndinalemba kawiri. Kawiri konse ndinakhoza, koma osasankhidwa. Masiku amenewo anthu ankati wobwereza samuyang'ana n'komwe, makamaka zaka zikamuchulukira, ndiye mankhwala ake kunali kusintha dzina n'kulemba ngati munthu watsopano. Bambo anga sanavutike kukafuna dzina kutali. Anangoyang'ana pakhomo pomwepo n'kuona mng'ono wanga, amene ndimasiyana naye zaka zitatu, atakhala pamphasa akusenda mtedza. Anali sitandade faifi.

“Iwe, umubwereke mkulu wakoyu dzina lako. Chaka chino chokha,” anatero bambo.

Mwanayo anaseka n'kufunsa kuti, “Nanga ine muzindiitana kuti ndani?”

Tonse tinaseka. Ine ndinaseka kwambiri kuposa onse.

Chaka chimenecho ndinasankhidwa. Dzina lija linapita nane kusekondale, linalowa nane kusukulu ya unamwino, linakhala pa satifiketi iliyonse imene ndili nayo. Mng'ono wanga atafika sitandade eyiti, dzina lake linali litapita kale, ndiye analembera langa lija, lotopa kale, lolemba mayeso kawiri. Sanasankhidwe. Sanafune kubwerezanso. Anabwerera ku dzina lake, anakwatiwa m'mudzi woyandikana ndi wathu, n'kuyamba kulima fodya ndi mwamuna wake. Pakhomo ankatiitana monga kale, ine langa, iye lake. Za kubwereka zija sitinazitchulenso. Ndikapita kumudzi ndinkamutengera shuga, sopo, nthawi zina chitenje, ndipo ndinkadziona ngati mkulu wabwino zedi. Zikomo yekhayo ndiye sindinanenepo.

Patapita zaka zambiri ndinapeza mwayi wokaphunzira zauzamba kunja kwa dziko kwa chaka ndi theka. Kalata itafika, ine mutu unakula, ndisaname. Ndinkayenda m'wodi ngati ndakwera kale ndege. Anzanga ankandiseka kuti Chichewa chayamba kale kundivuta. Ndinatenga mndandanda wa zofunika pa viza n'kuyamba kuzithamangira: chithunzi chooneka makutu onse awiri, kalata ya kuntchito, kalata ya sukulu, zoyezetsa m'thupi. Tsiku lokaonekera ku ofesi ya viza ku Lilongwe anandipatsa. Chinatsala chinthu chimodzi chimene ndinkachiona chaching'ono: satifiketi yakubadwa. Ife obadwira kumudzi sitinali nayo, umboni wathu unali khadi la ubatizo basi.

Ndinapita ku ofesi yolembetsa anthu pa boma ndili mu yunifomu, dala, kuti andione. Mzere sindinaime. Kalaliki wake anali mtsikana waulemu, wamagalasi. Analemba dzina langa pa kompyuta, anayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso. Kenako anatembenuza kompyuta ija kuti ndione.

Panali nkhope ziwiri. Ina yanga, tsitsi lowongola. Ina ya mng'ono wanga, duku kumutu, maso atatong'ola monga amachitira akamajambulidwa. Dzina limodzi, tsiku lobadwa limodzi, bambo mmodzi, mayi mmodzi, mudzi umodzi. Nthawi imene tonse tinkalembetsa ziphaso za unzika, ine ndinalembetsa pa boma motsatira masatifiketi anga, iye analembetsa kumudzi motsatira khadi lake la ubatizo.

“Amayi, ngakhale mapasa sakhala ndi dzina limodzi. Mwini wake ndi uti apa?” anafunsa mtsikanayo.

Pamenepo ndinayankha mawu amene mpaka lero amandichititsa manyazi. Sindinaganize n'komwe, anangotuluka okha ngati ndinawakonzekera kalekale.

“Ameneyo ndi mkulu wanga wa kumudzi. Ayenera kuti anasokoneza polembetsa. Mukudziwa, sukulu sanapite nayo patali.”

Mtsikanayo anagwedeza mutu momvetsa. Anati satifiketi singatuluke mpaka mmodzi wa ife akalumbire kuti analembetsa molakwika, abweretse kalata ya malumbiroyo, asinthidwe. Tsiku langa la ku Lilongwe linali litatsala masabata awiri. Kuti ndisinthe ine, ndiye kuti masatifiketi, pasipoti ndi kalata ya sukulu, zonse zasanduka za munthu wina. Ndinatuluka muofesimo ndikudziwa kale amene asinthe.

Loweruka ndinakwera minibasi, kenako njinga yamoto. Unali mwezi wosoka fodya, ndipo fungo lake linandichingamira ndisanafike n'komwe pakhomo. Ndinamupeza mng'ono wanga pachigafa, shedi yaudzu youmitsiramo fodya, atatambalala pansi, mulu wa masamba mbali iyi, singano yaitali m'manja. Manja ake anali bii ndi phula la fodya. Ataona chikwama chimene ndinanyamula, shuga mapaketi anayi, mafuta ophikira, zitenje ziwiri, anandiyang'ana m'maso.

“Achemwali, katundu yenseyu? Kwagwanji?”

“Aa, munthu osangokuonani?”

“Mwezi wa fodya simubwera inu. Mumati umakuyetsemulitsani.”

Ndinakhala pansi. Ndinafunsa za ana, za mvula, za alamu. Ndinatenga singano ina kuti ndimuthandize, ndipo tsamba lachitatu lomwe ndinadzibaya chala. Anaseka mpaka misozi, akuti anamwino obaya anthu jakisoni tsiku lililonse alephera kubaya tsamba. Nditaona kuti akuseka, ndinati mpata ndi womwewu. Ndinafotokoza zonse, za sukulu, za viza, za nkhope ziwiri pa kompyuta. Zimene ndinamunenera kwa kalaliki zokha ndinazidumpha.

Sanasiye kusoka. Anabaya masamba, anakoka chingwe, anamanga. Anatenganso ena. Kenako, osandiyang'ana, anati:

“Ndiye kuti chaka chija sichinathebe?”

“Chaka chiti?”

“Chimene ananena abambo. Chaka chino chokha.”

Ine ndinkayesa kuti anaiwala. Anali mwana, ndipo anaseka tsiku lija. Manyazi akandigwira, ine ndimapsa mtima, ndi chilema changa chimenecho. Ndinayamba kukweza mawu. Ndinati kodi pepala ndi chiyani, kumudzi kuno ndani amaitana munthu poyang'ana chiphaso? Ndinati ndikapita kunjako amene adzapindule si ana ako omwewa? Ndinafika ponena kuti dzinalo ine ndalifikitsa kutali, iye akanalifikitsa kuti? Mawu amenewa atatuluka, ngakhale nkhuku zimene zinkapalasa pafupi ndinaona ngati zandimva.

Iye anayankha mofatsa, akuwerenga ndi zala zakudazo. Dzinalo lili pa kalata yake ya ukwati kutchalitchi. Lili pa makadi a sikelo a ana ake onse anayi. Lili ku kalabu ya alimi, ndipo ndi limene amalemba pa mabelo ake a fodya akamapita ku okushoni.

“Ndilibe satifiketi ine, achemwali. Pamene pamalembedwa dzina langa ndi pamenepo basi.”

Alamu anali atabwera ndi mtolo wina wa masamba. Anamva, anatula mtolowo, n'kunena kuti izi ndi za kubanja kwathu, iwo sangalowererepo. Anabwerera kumunda.

Ine ndinkayamwa chala chobayidwa chija, chikuwawa fodya. Kenako mng'ono wanga anafunsa kuti akatenga dzina langa, atenganso zaka zanga? Ndinati eya.

“Ndiye ndikhala mkulu wanu. Muzindigwadira,” anatero. Anaseka pang'ono, ine osaseka. “Lolemba ndibwera. Fodyayu andisokera apongozi.”

Lolemba anafikadi pa boma m'mawa, atavala chitenje chake cha kutchalitchi, osati zimene ndinamubweretsera zija. Manja anali atawakwecha ndi mwala mpaka kufiira, koma m'zikhadabo phula linakana. Tinapita kwa bambo wina wolumbiritsa anthu. Ine ndinali nditalembetsa kale kalatayo, inangotsala kusaina. Bamboyo anamupatsa Baibulo kuti agwire.

Mng'ono wanga ndi munthu woti ukamubwezera chenje chopitirira amayenda mtunda kukakupeza. Ndi amene amayambitsa nyimbo pa maliro m'mudzi mwawo. Ndinamuona akulandira Baibulo lija ndi manja awiri, n'kunena pambuyo pa bamboyo kuti dzina limene makolo ake anamupatsa ndi lakuti, kutchula langa la kubadwa, ndi kuti polembetsa analakwitsa yekha. Posaina anayamba ndi chilembo choyamba cha dzina lake, anaima, anachikhwatcha, n'kuyambanso.

Kuchoka apo tinapita kwa kalaliki wamagalasi uja. Anatilandira bwino, anatikumbuka. Anatenga fomu yosinthira n'kutembenukira kwa mng'ono wanga, akulankhula pang'onopang'ono monga timalankhulira ndi odwala okalamba.

“Mayi, ulendo uno timvetsetsane bwino. Ang'ono anuwa anandiuza kuti munasokoneza chifukwa sukulu simunapite nayo patali, ndiye ndikuwerengerani ndine, inu muzingovomera.”

Mtsikanayo sankanyoza, ankafuna kuthandiza. Anangobweza mawu anga momwe ndinamupatsira. Ine ndinayang'ana pansi. Ndikukumbukira kuti simenti ya pamenepo inali yong'ambika, ndipo ndinaiyang'anitsitsa ngati ndapatsidwa ntchito yoikonza. Ndinamva mng'ono wanga akutembenuka kundiyang'ana. Sindinadzutse mutu.

“Kuwerenga ndimatha,” anatero. “Koma werengani.”

Atamaliza anatiuza kuti tidikire panja. Tinakhala pa benchi limodzi, pakati pathu pali mpata woti n'kukhala munthu wina. Ndinafuna kunena kanthu. Ndinafunsa ngati akufuna fanta. Anati ayi. Anthu ankalowa n'kutuluka, dzuwa linafika pamutu. Kenako chitseko chinatseguka, mlonda n'kuitana dzina lija mokweza.

Tinaimirira tonse awiri.

Anthu a pa benchi lina anatiyang'ana. Mng'ono wanga anaima choncho kanthawi, kenako anakonza chitenje chake n'kukhalanso pansi.

“Pitani, achemwali. Akuitana inu.”

Ndinalowa, ndinalandira satifiketi yanga yakubadwa. Inali yoyera bwino, ya chidindo chofiira, yonena kuti ndinabadwa tsiku limene ine ndikukumbukira ndili ndi zaka zitatu, nditakhala pakhonde, azakhali akundiuza kuti amayi abwera ndi mwana.

Ndinamuperekeza ku depoti. Njira yonse ndinkasanja mawu opepesa, koma aliwonse amene ndinkapeza ankaoneka ochepa, ndiye ndinkangoyenda. Ndinamugulira buledi wa ana, analandira. Atakwera minibasi anakhala pawindo, ndipo pamene kondakitala ankamenya chitseko kuti azipita, anatulutsa mutu.

“Achemwali, kunjako azikalitchula bwino. Musakawalole kulipotoza.”

Ndinati, “Sindingalole.”

Ku Lilongwe zonse zinayenda. Mzungu wa kuseri kwa galasi anandifunsa dzina ndi tsiku lobadwa, ndinayankha mosadodoma, anatenga zidindo za zala zanga, ndipo patapita masabata atatu viza inatuluka. Anzanga a kuntchito anandipangira phwando. Kumudzi sindinapite kukatsanzika, ndinangoimba foni, ndinati nthawi yachepa.

Tsiku loyamba m'kalasi kunja kuja, mphunzitsi anayamba kuitana mayina. Atafika pa langa anaima, anayesa kamodzi, lilime linakana. Anayesanso, anzanga anaseka. Kenako anamwetulira n'kufunsa ngati angalidule, azingotchula zilembo zitatu zoyambirira, kuti aliyense asavutike. Onse anatembenuka kundiyang'ana, akudikira.

Ndinaseka nawo, n'kunena kuti palibe vuto. Chaka chonse ndi theka anandiitana choncho, ndipo ndinkayankha.